Kutsuka Denga la Galimoto Lalitali: Mutu Umodzi Susenza Denga

Nyengo ya malonda ikafika ku Zemba, m'boma la Chadiza, miseu ya fumbi imadzala ndi magalimoto. Malole ang'ono amatuta cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa kupita nazo ku misika, ndipo mabasi ang'ono amanyamula anthu opita ku boma, ku Katete ndi ku Chipata, katundu ataunjikidwa pamwamba. Madzulo galimoto likabwerera pa mudzi limakhala lofiira ngati lagona m'nkhuti. Anyamata amatenga ndowa natsuka zitseko, magalasi ndi matayala kufikira zitanyezimira. Koma denga, popeza maso a munthu woima pansi safikako, limasiyidwa miyezi yambiri. Tsiku limene mwini wace walikumbukira, amangoitana mnyamata wopepuka thupi, nampatsa ndowa ya thovu, namuuza kuti akwere.

Pa zonse ziwirizi pali citayiko. Denga losatsukidwa limadyedwa ndi dzimbiri, ndipo galimoto limene banja linagula ndi thukuta la zaka zambiri limayamba kudontha ngati nyumba ya udzu wakale. Denga lotsukidwa mosasamala limagwetsa munthu, ndipo msana ukathyoka palibe sitolo yogulako wina. Nkhani ya mlungu uno iri pa njira yopewera zonse ziwirizi.

GALIMOTO LIRI M'MANJA MWA MWINI WACE

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabasi ambiri a maulendo atali anali a kampani ya Boma ya United Bus Company of Zambia, ndipo kugula mbeu kunali m'manja mwa Namboard ndi mabungwe monga Eastern Co-operative Union. Makampani otere anali ndi madepoti ao ndi anthu olembedwa nchito yosamala magalimoto. Namboard inathetsedwa mu 1989, ndipo kampani ya mabasi ija inatsekedwa mu 1995. Kuyambira pamenepo magalimoto oyenda m'midzi ndi a anthu wamba: mlimi amene anakolola bwino, mphunzitsi wopuma pa nchito, kapena wamalonda wa pa sitolo. Ambiri mwa magalimotowa, monga Toyota Hiace, Mitsubishi Rosa ndi Mitsubishi Canter, amafika kucokera ku Japan atagwira kale nchito zaka zingapo, utoto wace uli wotopa. Depoti yace ndi bwalo la pa nyumba, ndipo wolisamala ndi mwini wace yekha.

Denga ndilo limazunzika koposa mbali zonse za galimoto. Dzuwa la Okutobala limaliwomba tsiku lonse, utoto nuuma, nuyamba kutuwa ngati phulusa. Galimoto likaimikidwa pansi pa mtengo wa mango kuti lipeze mthunzi, utomoni ndi zitosi za mbalame zimagwera pamwamba. Zitosizo ziri ndi asidi amene amadya utoto m'masiku owerengeka, makamaka kukatentha. Pa kaliyala pamakwera matumba a fataleza ndi a mcere, zidebe za mafuta, njinga ndi malata. Zitsulo zimakanda utoto, ndipo fataleza ndi mcere wotayikira m'mikwingwirimayo zimakoka cinyezi. Citsulo cikakumana ndi madzi ndi mpweya cimacita dzimbiri, ndipo mcere ndi fataleza zimafulumizitsa kwambiri nchito yoonongayo.

Dzimbiri siliyambira pakati pa denga poonekera. Limayambira m'tingalande ta m'mbali mwa denga, m'mene fumbi ndi masamba zimaunjikana n'kusunga madzi, ndiponso pansi pa miyendo ya kaliyala. Mvula ya Disembala ikabwera, madzi amadonthera pa mitu ya apaulendo ndi pa ufa wao, naloweranso m'mawaya a magetsi. Dzimbiri likadya mizati yocirikiza denga, galimoto limakhala lofooka pa tsiku la ngozi, ndipo oyesa magalimoto a bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la 2002, amayang'ana thupi la galimoto lonyamula anthu asanalipatse cilolezo. Galimoto lonyezimira m'mbali koma lovunda pamwamba ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

MAMITA AWIRI SI PAFUPI

Anthu ambiri amaganiza kuti denga la galimoto si patali, pakuti anyamata amakwera mitengo yoposa pamenepo. Hiace ndi yaitali pafupifupi mamita 2, Rosa imapitirira mamita 2 ndi theka, ndipo basi yaikulu imapitirira mamita 3. Munthu woterereka pa mamita 2 ndi theka amafika pansi sekondi imodzi isanakwane, pa liwiro la makilomita 25 pa ola limodzi. Ciri ngati kugunda khoma ndi njinga yotsika phiri yopanda mabuleki. Ndiponso mutu wa munthu woimirira pa denga umakhala pamwamba kuposa mapazi ace, motero umagwa mtunda wokulirapo. Pa mtengo pali nthambi zogwira. Pa denga lonyowa ndi sopo palibe cogwira ciri conse, ndipo dengalo ndi lopendekera ku mbali zonse.

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linalengeza mu 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa caka ciri conse cifukwa ca kugwa, ndipo oposa 80 mwa 100 ali onse a iwo ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Pa ngozi zonse zosayembekezeka, kugwa kumaposedwa ndi ngozi za pamseu zokha pa kupha anthu. Tsoka silinunkha.

Palinso cifukwa cina cosakwerera. Citsulo ca denga la basi yaing'ono ndi copyapyala, kawirikawiri sicifika milimita imodzi. Phazi la munthu limacibonyola, ndipo pobonyokapo ndi pamene madzi adzaima ndi dzimbiri kuyambira. Cotero lamulo loyamba ndi ili: nchito yonse imene ingatheke munthu ali pambali pa galimoto icitike ali pambali pomwepo.

KONZA KAPANSI KUTI KAM'MWAMBA KATSIKE

Nchito ya pa denga imayambira pansi. Galimoto liimikidwe pa malo osalala, olimba ndi ouma, injini itazimitsidwa, handibuleki itakokedwa, giya italowetsedwa, ndipo miyala itaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Kiyi akhale m'thumba la munthu amene akugwira nchito pamwamba, kuti wina asalize galimoto mosadziwa.

Asanadzutse makwerero kapena ndodo, wogwira nchito ayang'ane kumwamba. Mawaya a magetsi afika tsopano pa masukulu, pa zipatala ndi pa misika yambiri ya kumidzi. Ndodo yonyowa kapena makwerero acitsulo akakhudza waya, magetsi amadutsa m'thupi la munthu kupita m'nthaka, ndipo pa mawaya a mphamvu zambiri moto umatha kudumpha ngakhale cinthuco cisanakhudze. Pansi pa mawaya si potsukira galimoto. Kukacita mdima wa mvula ndi ziphaliwali, kapena mphepo ya Ogasiti ikakula, nchito iimitsidwe.

Kutsukira galimoto mu mtsinje kapena m'mbali mwa damu ndi cizolowezi coipa. Nthaka ya pamenepo ndi yofewa ndi yoterera, mwakuti makwerero amatitimira mbali imodzi. Mafuta ndi sopo zimalowa m'madzi amene ng'ombe zimamwa ndi amene amai amathirira madimba, ndipo woima m'madzi osayenda amadzitengera likodzo. Madzi atungidwe, galimoto litsukidwe patali ndi citsime, pamene madzi akuda angalowe m'nthaka osabwerera ku madzi akumwa.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo litapendeka, citsulo ciri cozizira. Pa citsulo cotentha sopo amauma msanga nasiya mawanga. Munthu amene wamwako mowa, amene sanagone usiku, wodwala khunyu kapena womva cizungulire asacoke pansi. Mapatapata avulidwe, pakuti amaterera ndi kuvuka; zofunika ndi nsapato zomanga za mphira pansi.

POIMA NDI ZIDA

Cida coposa zonse ndi cosagula: ndodo ya nsungwi yowongoka, yaitali mamita 2, yomangiriridwa siponji kapena nsalu yofewa ku mapeto, yokulungidwa bwino kuti nsonga ya nsungwi isakande utoto. Ndi ndodo yotere munthu woima pa malo okwera pang'ono amafika pakati pa denga, natsiriza theka linalo atazungulira ku mbali ina.

Malo oimapo akhale otakata ndi osagwedezeka. Khonde lokwera la shedi ya mbeu ndi labwino. Ngolo ya ng'ombe imathandiza, koma pokhapo ng'ombe zitamasulidwa, magudumu atapingidwa ndi miyala, ndipo ngoloyo itacirikizidwa ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo, pakuti ngolo ya magudumu awiri imapendama munthu akaponda ku mapeto. Wotsuka denga la Canter ali ndi mwai: angaime m'bodi momwe muikidwa katundu, natsamira zitsulo za kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa. Zoyenera kupewa ndi mgolo wopanda kanthu, mpando wa pulasitiki, ndowa yovundikira, njerwa zosanjikiza ndi kuponda pa tayala kapena pa windo lotsegula.

Ngati pali makwerero, ayambe ayesedwa ali pansi, kuona ngati mitanda yace siinadyedwe ndi ciswe kapena kumasuka misomali. Nsonga zace zikulungidwe ndi nsanza kuti zisakande galimoto, ndipo zitsamire pa malo olimba, osati pa galasi. Kaimikidwe kace kali ndi muyeso: pa mamita 4 ali onse okwera, mapazi a makwerero atalikire mita imodzi kucokera pa cotsamira. Pa galimoto la mamita 2 ndiye kuti theka la mita. Akaima cilili amagwera cagada. Akagona kwambiri amaterereka pansi. Wokwera ayang'ane ku makwerero pokwera ndi potsika, asaponde mitanda itatu ya pamwamba, ndipo nthawi zonse akhale wogwira pa malo atatu, mapazi awiri ndi dzanja limodzi. Mcombo wace usatuluke kunja kwa mizati iwiri ya makwerero. Pamene dzanja silifika, atsike ndi kusuntha makwerero, ngakhale kakhumi.

Apa ndi pamene mau a akulu akwanira, akuti mutu umodzi susenza denga. Nchitoyi ndi ya anthu awiri. Wina ali pamwamba, mnzace agwire makwerero, ampatsire ndowa yosadzaza, ndi kuingitsa ana ndi ziweto. Wokwera ndi ndowa yodzala m'manja wataya kale dzanja limene likanampulumutsa.

Basi yaikulu yopitirira mamita 3 si yotsukira denga pa mudzi. Ipite ku tauni kumene kuli malo otsukira okhala ndi nsanja.

KATSUKIDWE

Coyamba ndi kuthira madzi okha ambiri, kuti fumbi litsike. Fumbi lofiira liri ndi timcenga takuthwa, ndipo kulipukuta liri louma ndi cimodzimodzi kupala utoto ndi sandipepa. Pa zitosi zouma paikidwe nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe. Kuzipala ndi mpeni kumacotsa ndi utoto womwe. Utomoni ndi tara zimacoka ndi parafini pang'ono pa kansalu, malowo n'kutsukidwa ndi sopo nthawi yomweyo.

Pakhale ndowa ziwiri, ya sopo ndi ya madzi oyera otsukuluzira siponji, kuti mcenga usabwerere pa denga. Sopo woyenera ndi wotsukira magalimoto. Sopo wa ufa wocapira zobvala ndi waukali: amasukula phula lonse nafulumizitsa kutuwa kwa utoto. Mcenga, phulusa ndi waya wokwecera miphika zisayandikire denga. Kutsuka kuyambire pamwamba kutsika pansi, kagawo kamodzi pa nthawi, ndi kutsukuluza thovu lisanaume. Tingalande ta m'mbali ndi pansi pa miyendo ya kaliyala pafunika mswaci wakale kapena kamtengo kokulunga nsalu. Potsiriza denga lipukutidwe ndi nsalu yoyera, liume.

Denga likauma ndi pamene mabala ace aoneka. Pamene utoto watupa ngati matuza, pansi pace pali dzimbiri. Malo otere apalidwe ndi sandipepa kufikira citsulo citayera, apakidwe utoto woyamba wofiira wochinga dzimbiri, ndipo ukauma apakidwe utoto wa mtundu wa galimoto. Utoto watsopano usiyidwe mwezi wathunthu kapena kuposerapo usanapakidwe phula, kuti uyambe wauma m'kati. Kupaka phula pa dzimbiri ndi kuphimba cilonda cosatsuka.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Phula la galimoto ndi cikopa copyapyala cimene cimakhala pakati pa utoto ndi dzuwa, mvula ndi zitosi. Lambiri mwa phula logulitsidwa m'zitini limapangidwa ndi carnauba, phula locokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto ca kum'mawa kwa dziko la Brazil. Limasungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 80, pamene phula la njuci limasungunuka pa madigiri oposa 60 pang'ono. Ndico cifukwa cace phula la m'ming'oma, ngakhale lipezeka pa mudzi, silitha kupirira dzuwa la pa denga: limafewa ndi kumata fumbi. Polishi wa pansi m'nyumba ndi wa nsapato ali ndi mitundu yothimbirira, ndipo dizilo kapena mafuta ophikira zimanyezimiritsa tsiku limodzi lokha n'kukoka fumbi lonse la mu mseu. Wogula afunse phula la galimoto leni-leni, ndipo awerenge malangizo a pa citini.

Phula lipakidwe pa mthunzi, pa denga loyera, louma ndi lozizira. Locepa ndilo labwino; loculuka limangovuta kupukuta popanda kuonjezera citetezo. Lipakidwe pa kagawo kang'ono, lisiyidwe mphindi zingapo kufikira litacita mbuu, ndipo cala cikapitapo n'kusiya mzere woyera, lipukutidwe ndi nsalu ina youma ndi yofewa. Kuyambire pakati pa denga kubwerera ku mbali kumene wopakayo waima, kuti mkono usatsamire pamene papakidwa kale. Ndodo ya nsungwi ija, itamangidwa nsalu youma, imagwiranso nchito imeneyi. Phula lisafike pa galasi la kutsogolo, pakuti limacititsa khungu woyendetsa usiku ndi pa mvula, ndiponso lisafike pa mphira za m'mawindo.

Kawiri pa caka ndi muyeso wocepetsetsa: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Epulo kapena Meyi mvula itatha. Pa dzuwa la kuno phula la carnauba silikhalitsa kupitirira miyezi iwiri kapena itatu, motero amene angathe aonjezere. Ciyeso cace ndi capafupi: madzi akathiridwa pa denga n'kucita timadontho tozungulira ngati mikanda, phula likadalipo; akangoyala, latha.

Koma pali cenjezo lalikulu. Denga lopakidwa phula limaterera koposa kale, makamaka mame akagwa. Zitsulo za kaliyala, makwerero a kumbuyo kwa basi ndi pali ponse poponda phazi kapena pogwira dzanja zisapakidwe phula. Kondakitala ndi onse okweza katundu auzidwe tsiku lomwelo kuti denga lapakidwa, ndipo aziponda pa kaliyala pokha. Kubisa zimenezi ndi kuchera mnzako msampha.

WOKWERA NDANI?

Kawirikawiri wotumidwa pamwamba ndi mwana wa sukulu wofuna ndalama ya cakudya kapena ya kope. Amasankhidwa cifukwa ndi wopepuka, sakana, ndiponso salipidwa zambiri. Lamulo la za nchito la 2019 linaletsa kupatsa ana ndi acinyamata osafika zaka 18 nchito zoika moyo wao pa ngozi, ndipo lamulo la za umoyo ndi citetezo pa nchito la 2010 linaika pa mapewa a wolemba nchito udindo woteteza anchito ace. Koma ngakhale malamulo akanakhala kulibe, mwambo wa Acewa unanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwini galimoto amene sangalole mwana wace kuimirira pa denga lathovu asatumeko mwana wa mnansi wace.

NGOZI IKACITIKA

Munthu akagwa, anthu amathamangira kumdzutsa, kumkhazika pansi ndi kumthira madzi. Cifundo cotere capundula ambiri. Wogwa amene akumva kuwawa m'khosi kapena mu msana, kapena amene miyendo ndi manja zacita dzanzi, asadzutsidwe. Munthu mmodzi agwire mutu wace kuti ukhale woongoka ndi thupi, ndipo anthu anai kapena asanu amnyamule pamodzi, osampinda, namgoneka pa citseko kapena thabwa lalikulu. Asapatsidwe madzi, cakudya kapena mowa. Pothyoka fupa pamangidwe timitengo, osakoka, osathowa ndiponso osatemera mphini. Potuluka magazi patsindikizidwe ndi nsalu yoyera.

Wogunda mutu, ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite ku cipatala ca Zemba tsiku lomwelo, pakuti magazi amatha kukha m'kati mwa mutu pang'ono-pang'ono. Kusanza, kusinza kosadzutsika, kusokonezeka mau, mutu wowawa moonjezereka, ndi magazi kapena madzi otuluka m'makutu ndi m'mphuno ndi zizindikiro zoti afulumizidwe ku cipatala ca boma ku Chadiza, kumene angamtumize ku St Francis ku Katete kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata. Maulendo amenewa ndi atali kwa munthu wovulala msana, ndipo ndalama zace zimaposa kutali mtengo wa makwerero abwino.

Eni magalimoto a ku Zemba angacite bwino kugwirizana, monga acitira pa zigayo ndi pa makopaletivu, kumanga nsanja imodzi ya njerwa pafupi ndi msika: yokwera mita imodzi, yotakata moti anthu awiri n'kupitana, yokhala ndi masitepe ndi mtanda wogwira, patali ndi mawaya ndi citsime. Njerwa ziri pa mudzi, amisiri alipo, ndipo mafumu sangakane malo. Anyamata akulu amene amadya za kutsuka magalimoto angapeze pamenepo malo a nchito okhazikika, ndipo galimoto liri lonse lingalandire madzi ndi phula lace mvula ya Novembala isanagwe.